WILLEM EINTHOVEN: MUNTHU AMENE ADAPHUNZITSA MADOKOTALA KUWERENGA MTIMA

Ikani zala ziwiri pamkono panu, cha m'munsi mwa chala chachikulu, ndipo mudekhe pang'ono. Mumva kanthu kakugunda. Kwa zaka mazanamazana madokotala adalibe njira ina yodziwira za mtima wa munthu wamoyo koposa imeneyi, pamodzi ndi kumvetsera pachifuwa. Vuto lidali lakuti anthu awiri ankatha kubwera ndi dandaulo limodzi, lakuti mtima ukudumpha, koma wina mwa iwo n'kukhala ndi moyo mpaka kuona zidzukulu, mnzakeyo n'kugwa mwadzidzidzi mwezi usanathe. Zala za dokotala zinkamva kudumphako, koma sizinkatha kunena kuti kukuchokera mbali iti ya mtima, kapena kuti mwa awiriwo ali pangozi ndani.

Masiku ano munthu wotere akafika pachipatala chachikulu amamugoneka pabedi, namwino n'kumata timawaya pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo mwake. Pasanathe mphindi imodzi makina amalavula pepala la timabokosi ting'onoting'ono, ndipo papepalapo pamakhala mzere wokwera ndi kutsika ngati mapiri ndi zigwa. Pepala limeneli ndilo ECG, kapena kuti electrocardiogram m'dzina lake lonse. Wodziwa kuliwerenga amaonapo zimene zala sizingamve. Munthu amene adakonza makina oyamba odalirika pa ntchito imeneyi, napereka maina kwa timapiri ta pamzerepo, ndi Willem Einthoven wa ku Netherlands, dziko limene ambiri tidalizolowera ndi dzina lakuti Holland. Nayi tsono mbiri yake.

Mwana wa ku Java

Einthoven adabadwa pa 21 Meyi 1860 mumzinda wa Semarang pachilumba cha Java. Lero chilumbachi chili m'dziko la Indonesia, koma pa nthawiyo chinkalamulidwa ndi Adatchi. Bambo ake, a Jacob Einthoven, adali dokotala, ndipo adamwalira Willem ali ndi zaka 6 zokha. M'chaka cha 1870 mayi ake adatenga ana awo onse 6 nabwerera nawo ku Holland, kumene adakakhazikika mumzinda wa Utrecht. Pamene Willem adalowa payunivesite ya Utrecht mu 1878 kuti aphunzire udokotala, adalandira thandizo la ndalama kuchokera kwa akuluakulu a asilikali, pa pangano lakuti akatsiriza adzakagwira ntchito ngati dokotala wa asilikali m'maiko olamulidwa ndi Adatchi. Njira yake inkaoneka yolambulidwa kale, yobwerera kumene adachokera, m'mapazi a bambo ake.

Sadali mnyamata wongokhalira pamabuku ayi. Ankakonda masewera olimbitsa thupi, ndipo adali mmodzi mwa oyambitsa gulu la ophunzira opalasa bwato ku Utrecht. Tsiku lina adathyoka dzanja pamasewera. Ambiri a ife zikatichitikira zotere timangowerenga masiku oti atichotse chikhakha, koma iye adayamba kudzifunsa kuti kodi dzanja limatembenuka bwanji, chikhatho n'kuyang'ana kumwamba kenaka pansi. Mafunso amenewa adabala kafukufuku wake woyamba, wonena za kayendedwe ka mfundo ya pachigongono. Pambuyo pake adagwira ntchito pansi pa katswiri wotchuka wa za maso ndi za kagwiridwe ka thupi, F.C. Donders, ndipo mu 1885 adalandira digiri yake yapamwamba atalemba za chifukwa chimene zinthu za mitundu yosiyana, monga zofiira ndi zobiriwira ngati thambo, zimaonekera ngati china chili pafupi china patali pamene zili pamalo amodzi.

Chaka chomwecho pulofesa wa physiology payunivesite ya Leiden adamwalira, ndipo mpandowo udapatsidwa kwa Einthoven ali ndi zaka 25. Kuti amasuke pa pangano lija adabweza ndalama za asilikali. Mu 1886 adakwatira msuweni wake Frédérique de Vogel, ndipo adabereka naye ana 4, aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi. Ku Leiden adakhalako moyo wake wonse, zaka zoposa 40, akuphunzitsa ndi kufufuza.

Magetsi a mumtima

Tisanapitirire tiyeni tikumbutsane pang'ono za Biology. Mtima ndi mnofu wa zipinda 4, ziwiri zam'mwamba ndi ziwiri zam'munsi. Zam'mwamba zimalandira magazi ndi kuwatsitsira m'zam'munsi, ndipo zam'munsizo, zimene zili ndi makoma ochindikala, zimawapopa kupita kumapapo ndi m'thupi monse. Mnofu usanafinyike pamayamba padutsa kamphamvu ka magetsi. Akatswiri adaziona zimenezi pa mitima ya achule Einthoven asanabadwe n'komwe. Popeza thupi lathu ndi lodzaza ndi madzi a mchere, amene amalola magetsi kudutsa, kamphamvu ka mumtima kamafika mpaka pakhungu la m'manja ndi m'miyendo. Komatu kamafika katachepa zedi, pafupifupi millivolt imodzi. Batire limodzi la mutochi limaposa pamenepa ka 1,500. Kuwonjezera apo kamphamvuko sikachedwa, kamabwera n'kupita m'kachigawo kakang'ono ka sekondi. Kukagwira kudali ngati kugwira udzudzu mumdima.

Woyamba kujambula magetsi amenewa pa munthu sadali Einthoven, ndipo ndi bwino kunena zimenezi poyera. Adali Augustus Waller wa pachipatala cha St Mary's ku London, m'chaka cha 1887. Iye adagwiritsa ntchito chipangizo cha Mfalansa wina, Gabriel Lippmann, chomwe chidali kachubu kagalasi kopyapyala kokhala ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chija timaona mu thermometer. Magetsi a mumtima akadutsa, mercury ankasuntha pang'ono, ndipo kusunthako ankakujambula. Waller adali ndi galu wake dzina lake Jimmy, amene ankaima modekha miyendo ili m'mabeseni a madzi a mchere pamene mbuye wake akuonetsa anthu luso limeneli. Galuyu adatchuka mpaka mu 1909 phungu wina adafunsa m'nyumba ya malamulo ku Britain ngati zimenezi sizidali nkhanza kwa nyama. Nduna idayankha kuti galuyo sadamve kuwawa kulikonse, koma zija amamva munthu poponda m'madzi a m'nyanja.

Mu 1889 Einthoven adapita kumsonkhano waukulu wa akatswiri a physiology ku Basel m'dziko la Switzerland, ndipo kumeneko adaona Waller akuonetsa ntchito yake. Atabwerera ku Leiden adayamba kuyesa yekha, ndipo sadachedwe kuona pamene padali polakwika. Mercury ndi wolemera. Magetsi a mumtima akasintha msanga, iye ankatsalira m'mbuyo, motero chithunzi chotuluka chidali chobulungika, timapiri tina titamezedwa. Wina akadakhutira nacho chithunzicho, pakuti chidali kale chodabwitsa. Einthoven sadakhutire. Adakhala zaka zingapo akuwerengetsa ndi masamu kuti mercury akuchedwa motani, ndipo kuchokera pamenepo ankajambulanso mzere umene ukadatuluka chipangizocho chikadakhala chachangu. Mzere wokonzedwawo udaonetsa nsonga 5, ndipo mu 1895 adazipatsa zilembo P, Q, R, S ndi T. Zilembo zimenezi ndi zomwe wophunzira udokotala aliyense padziko lapansi akuloweza mpaka lero.

Ulusi wa siliva

Masamu amenewa ankadya nthawi yaitali pa chithunzi chimodzi chokha. Dokotala wokhala ndi mzere wa odwala pakhomo sakadakwanitsa. Choncho Einthoven adaganiza zopanga chipangizo chimene sichidzafuna kukonzedwa ndi masamu. Mfundo yake ndi yomwe ija timaphunzira mu Physical Science, yakuti waya wodutsa magetsi akakhala pakati pa maginito amakankhidwira pambali. Waya akakhala wopepuka kwambiri, amasuntha msanga ngakhale magetsi atachepa chotani. Mfalansa wina, Clément Ader, adali atapanga kale chipangizo cha mtundu umenewu mu 1897 cholandirira mauthenga a telegalafu, koma waya wake wachitsulo udali wolemera kwambiri pa ntchito ya mtima.

Einthoven adagwiritsa ntchito ulusi wa quartz, mwala woyera wonga galasi. Kuti ulusiwo ukhale wopyapyala mokwanira ankasungunula quartz pamoto, mbali imodzi atailumikiza ku muvi, kenaka n'kuponya muviwo ndi uta m'chipindamo. Muvi pouluka unkakoka ulusi wochepa kwambiri kuposa tsitsi la munthu, wovuta kuuona ndi maso. Popeza quartz salola magetsi kudutsa, ulusiwo ankaupaka siliva. Kenaka ankaukunga pakati pa maginito akuluakulu oyendera magetsi, nauwalitsa ndi nyali yamphamvu. Maikulosikopu inkakuza mthunzi wa ulusiwo ndi kuuponya pa galasi lojambulira zithunzi limene linkayenda pang'onopang'ono. Mtima ukagunda ulusi unkanjenjemera, mthunzi n'kulemba mzere. Adalengeza za chipangizochi, chotchedwa string galvanometer, mu 1901, ndipo adachifotokoza mwatsatanetsatane mu 1903. Mzere umene chidatulutsa udafanana kwambiri ndi uja adaupeza ndi masamu zaka zam'mbuyomo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndikuganiza kuti tsiku limenelo bamboyu adawaona.

Makina amenewa sadali oti n'kuwanyamula. Ankalemera makilogalamu pafupifupi 270, ankafuna anthu 5 owayendetsa, ndipo maginito ake ankatentha kotero kuti ankawaziziritsa ndi madzi oyenda m'mipope. Timawaya tomata pakhungu kudalibe. Munthu woyezedwa ankakhala pampando, manja onse ndi phazi lamanzere zili m'zidebe za madzi a mchere.

Pali chinthu china chimene adachita chosaoneka chachikulu, koma ine ndimachiyesa chofunika kuposa makinawo. Adakhazikitsa muyeso. Adakonza kuti chojambulirapo chiziyenda mamilimita 25 pa sekondi, ndi kuti millivolt imodzi izikweza mzere sentimita imodzi. Taganizani za msika umene wogulitsa nyemba aliyense ali ndi mbale ya kukula kwakekwake: simungadziwe amene akugulitsa motchipa. Chimodzimodzi, dokotala aliyense akadakhala ndi liwiro lakelake, pepala la ku Leiden silikadawerengeka ku London, ndipo pepala la wodwala la chaka chino silikadafanizidwa ndi la chaka chatha. Muyeso wa Einthoven ndi umene maiko ambiri akugwiritsabe ntchito.

Kuwerenga pepala

Nanga papepalapo pamalembedwa chiyani? Pa zaka zomwezo akatswiri ena ankatulukira njira imene magetsi amayenda mumtima. Mu 1907 Arthur Keith ndi Martin Flack a ku Britain adapeza kagulu ka maselo m'chipinda cham'mwamba chakumanja, kamene kamayambitsa kugunda kulikonse, monga woimba ng'oma yotsogolera pagule. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1906, Sunao Tawara wa ku Japan adafotokoza kamfundo kena ka pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi. Kamfundo kameneka kali ngati mlatho umodzi wokha pamtsinje. Uthenga wochokera kumwamba umaima pamenepo pang'ono, kupereka mpata woti magazi atsike, kenaka umawoloka ndi kufalikira m'zipinda zam'munsi.

Tsono P ndi kaphiri kakang'ono kobulungika, kosonyeza magetsi akuyenda m'zipinda zam'mwamba. Pambuyo pake mzere umagona pang'ono, ndiyo nthawi ija uthenga uli pamlatho. Kenaka pamabwera nsonga yaitali yosongoka, Q, R ndi S pamodzi, yosonyeza magetsi akufalikira m'zipinda zam'munsi. Potsiriza pamabwera T, phiri lotambalala, pamene zipinda zam'munsizo zikubwerera m'malo kukonzekera kugunda kwina.

Apa ndi pamene muyeso uja umagwira ntchito. Kabokosi kakang'ono kamodzi ka papepala ndi sekondi 0.04, ndipo bokosi lalikulu, la timabokosi 5, ndi sekondi 0.2. Ndiye kuti pa mphindi imodzi pamadutsa mabokosi akuluakulu 300. Kuti mudziwe liwiro la mtima, werengani mabokosi akuluakulu a pakati pa R wina ndi R wotsatira, mugawe 300 ndi nambala imeneyo. Akakhala 4, mtima ukugunda ka 75 pa mphindi. Akakhala awiri, ukugunda ka 150. Munthu wamkulu akamapuma mtima wake umayenera kugunda pakati pa ka 60 ndi ka 100, ngakhale kuti othamanga ndi osewera mpira ambiri umawatsikira pansi pa 60 popanda vuto lililonse. Kuchokera pachiyambi cha P kufika pachiyambi cha QRS payenera kukhala timabokosi 3 mpaka 5, ndipo QRS yokha isafike timabokosi 3 m'lifupi mwake. Dokotala akagwira pepala amalifunsa mafunso motsatana. Kodi mtima ukuthamanga kapena ukuchedwa? Kodi mipata ya pakati pa R ndi yofanana? Kodi P aliyense akutsatidwa ndi QRS, ndipo QRS iliyonse ili ndi P patsogolo pake? Kodi QRS ndi yopyapyala kapena yotambalala? Ndionjezepo kuti mwa achinyamata a msinkhu wathu mipatayo imachepa pang'ono popumira mkati, n'kukula popumira kunja. Amenewo si matenda ayi.

Waya wa ku chipatala

Einthoven adali ndi makina koma adalibe odwala. Makinawo adali mu labotale yake, odwala adali kuchipatala cha yunivesite, mtunda wa kilomita imodzi ndi theka. Makina sakadasuntha, ndipo odwala mtima sakadayenda. Adathetsa vutoli polumikiza nyumba ziwirizi ndi waya. Pa 22 Malichi 1905 munthu adaika manja m'zidebe kuchipatala, ndipo ulusi wa siliva udanjenjemera mu labotale, pamene Einthoven sankamuona n'komwe munthuyo. Mu 1906 adasindikiza zithunzi zambiri zimene adatenga mwa njira imeneyi, ndipo kwa nthawi yoyamba madokotala adaona kuti matenda osiyanasiyana a mtima ali ndi kalembedwe kosiyana.

Tibwerere tsopano kwa anthu awiri aja tidayamba nawo. Onse akuti mtima ukudumpha, ndipo pamkono pa onse awiri zala zikumva kugunda kumodzi kukusowa. Papepala la woyamba pakuoneka QRS yotambalala, yosaoneka bwino, yobwera nthawi yake isanakwane ndiponso yopanda P patsogolo pake, kenaka mpata wautali. Apa zipinda zam'munsi zadziyambitsira zokha kugunda kopupuluma, zisanadzaze magazi, n'chifukwa chake kugundako sikudafike pamkono. Dzina lake ndi extrasystole. Anthu ambiri a mtima wabwinobwino amakhala nako kugunda kotere apo ndi apo, ndipo kawirikawiri sikuopsa. Papepala la wachiwiri zinthu zili mwina. P wabwera pa nthawi yake, koma palibe QRS yomutsata. Ng'oma yalira, koma uthenga sudawoloke mlatho. Kumeneku ndiko kutsekeka kwa njira kumene madokotala amati heart block.

Kutsekekaku kuli ndi magawo ake. Nthawi zina uthenga umangochedwa pamlatho koma n'kuwoloka ndithu, ndipo mpata wa pakati pa P ndi QRS umaposa timabokosi 5. Nthawi zina mpatawo umakulirakulira pa kugunda kulikonse mpaka QRS imodzi itasowa, kenaka zonse n'kuyambiranso. Mtundu umenewu adaufotokoza Mdatchi mnzake, Karel Wenckebach, mu 1899, pongoyang'ana kugunda kwa mitsempha, makina a Einthoven asanabadwe, ndipo ECG idadzatsimikiza kuti adalondola. Mtundu woopsa ndi uja QRS imangosowa mwadzidzidzi popanda kuchenjeza, pakuti umatha kukula mpaka mlatho wonse utaduka. Zikatero P amayenda payekha, QRS nayo payokha, zosamvana, ndipo zipinda zam'munsi zimagunda ka 30 kapena ka 40 kokha pa mphindi. Munthu wotere amachita chizungulire, amakomoka mwadzidzidzi, ndipo akhoza kufa. M'masiku a Einthoven dokotala ankangotha kuuzindikira matendawa. Mankhwala ake enieni, kachipangizo kotchedwa pacemaker koikidwa m'thupi kuti kazipereka ng'oma kwa zipinda zam'munsi, kadaikidwa koyamba mwa munthu ku Sweden mu 1958.

Einthoven sadali dokotala wa m'mawodi, ndipo ntchito yofalitsa chipangizochi pakati pa madokotala idagwera mnyamata wina wa ku Wales, Thomas Lewis, amene ankagwira ntchito pachipatala cha University College ku London. Adayamba kulemberana makalata mu 1908, ndipo Lewis adakamuchezera ku Leiden chaka chotsatira. Panthawiyo padali odwala ambiri amene mtima wawo unkagunda mosalongosoka usana ndi usiku, popanda dongosolo lililonse, ndipo madokotala ankatsutsana za gwero lake. Mu 1909 Lewis ku London, komanso Rothberger ndi Winterberg ku Vienna, adaonetsa ndi ECG kuti mwa odwala amenewa P palibiretu. M'malo mwake mzere umangonjenjemera, ndipo mipata ya pakati pa R imasiyanasiyana, wina wautali wina waufupi. Zipinda zam'mwamba sizifinyika, zimangophiriphitha, ngati gule amene aliyense akuimba ng'oma yakeyake. Matendawa ndi atrial fibrillation. Kuopsa kwake n'kwakuti magazi osayenda bwino m'zipindazo amatha kuundana, ndipo kachibuluma kakathothoka n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu amafa ziwalo. Odwala ambiri a Lewis adali ndi mitima yoonongeka ndi rheumatic fever, matenda oyamba ndi zilonda za pakhosi zosachizidwa paubwana. Ku Ulaya matendawa adachepa kwambiri, koma kuno ku Africa akadalipobe, choncho makolo asamanyozere mwana akamadandaula pakhosi.

Pali mtundu wina umene Einthoven adaujambula kale mu 1906, wotchedwa atrial flutter. Apa zipinda zam'mwamba zimagunda mwadongosolo koma mothamanga kwambiri, pafupifupi ka 300 pa mphindi, ndipo mzere umaoneka ngati mano a sowo. Mlatho uja sulola mauthenga onse kuwoloka. Kawirikawiri umalola umodzi mwa awiri alionse, motero pamkono pamamveka ka 150. Kuchedwetsa kwa kamfundo ka Tawara, kumene kumasanduka matenda kukapyola muyeso, pano ndiko kumateteza zipinda zam'munsi.

Chinanso chimene adasiya ndi njira zoyang'anira mtima kuchokera mbali zosiyana. Adatchula njira zitatu: I, kuchokera kudzanja lamanja kupita kulamanzere, II, kuchokera kudzanja lamanja kupita kumwendo wamanzere, ndi III, kuchokera kudzanja lamanzere kupita kumwendo womwewo. Mu 1912 ku London adafotokoza kuti malo atatuwa amapanga chinthu cha ngodya zitatu, mtima uli pakati, ndi kuti ukaphatikiza kutalika kwa nsonga ya mu I ndi ya mu III umapeza ya mu II. Nyumba imaoneka mosiyana ukaima kumaso ndi ukaima kuseri, ndipo mtima nawo ndi chimodzimodzi. Akatswiri a ku America, Frank Wilson m'zaka za m'ma 1930 ndi Emanuel Goldberger mu 1942, adaonjezera njira zina mpaka zidakwana 12, zimene zili pa ECG ya masiku ano. Ndi njira zimenezi dokotala amatha kuona ngakhale khoma la mtima limene magazi asiya kufikako, pakuti kachigawo ka mzere ka pakati pa S ndi T kamakwera m'njira zoyang'ana khoma limenelo.

Zaka zotsiriza

Si onse adakhulupirira msanga. Ngakhale Waller mwini wake, woyamba uja, ankaganiza kuti luso limeneli silidzagwira ntchito kwenikweni m'zipatala. Komabe kampani ya Cambridge Scientific Instrument Company ku England idayamba kupanga makina ochepetsedwa, ndipo zipatala za ku Ulaya ndi ku America zidayamba kuwagula.

Mu 1924 Einthoven ali paulendo wokaphunzitsa ku America, adamva kuti wapatsidwa mphotho ya Nobel ya zamankhwala chifukwa cha ntchito yake pa electrocardiogram. Polankhula ku Stockholm mu Disembala 1925 sadadzitengere ulemu wonse. Adatchula anzake ambiri, makamaka Thomas Lewis, nanena poyera kuti popanda ntchito ya Lewis sakadaima pamalo amenewo. Olemba mbiri yake amasimbanso kuti adafunafuna mmisiri amene adamuthandiza kupanga makina oyamba kuti agawane naye ndalama za mphothoyo. Adapeza kuti mmisiriyo adamwalira kale, koma adasiya alongo ake awiri amene ankakhala mu umphawi, ndipo Einthoven adawapatsa iwowo theka la ndalamazo.

Ulusi wake sadaugwiritse ntchito pa mtima pokha. Adayeza nawo magetsi a m'diso, a m'mitsempha ya ubongo, ndiponso kulira kwa mtima kumene dokotala amamva pachifuwa. Mwana wake wamwamuna, Willem Frederik, adali injiniya wa wailesi, ndipo awiriwa adakonza ulusi wotsekeredwa m'malo opanda mpweya kuti uzinjenjemera msanga koposa. Ndi chipangizo chimenechi ankalandira ku Holland mauthenga a wailesi ochokera ku siteshoni ya Malabar pachilumba cha Java, komwe kuja Einthoven adabadwira.

Adadwala nthawi yaitali, ndipo adamwalira ku Leiden pa 29 Sepitembala 1927 ali ndi zaka 67. Adaikidwa m'manda a pa tchalitchi cha Groene Kerk ku Oegstgeest, pafupi ndi Leiden. Nkhani yotsiriza imene adalemba idali yonena za magetsi a mumtima, ndipo idasindikizidwa iye atamwalira kale.